Mlandu wa Kanema wa Lupanga ndi Matsenga

M'zaka za m'ma 1990, ndikadali mphunzitsi wanthete, tidaitana makolo ku msonkhano pa sukulu ina ya m'dera la Mfumu Nsabwe kuno ku Thyolo. Nkhani yaikulu idali ya kujomba kwa anyamata a m'makalasi apamwamba. Titakambirana kwa nthawi, bambo wina wachikulire, munthu wolemekezeka pampingo ndi pamudzi pomwe, adaimirira nagogoda pansi ndi ndodo yake. Iye adati gwero la mavuto onse lidali kanyumba kaudzu ka pamsika komwe ankaonetseramo vidiyo, makamaka mafilimu aja a zimphona zonyamula malupanga, zolimbana ndi amatsenga osanduka njoka. Adati mafilimu otere ndi sukulu ya ufiti, ndipo adapempha kuti mfumu iwaletse m'dera lonse. Anthu adawomba m'manja, nanenso ndidawomba nawo. Koma pobwerera kunyumba lidandifikira funso limene palibe adalifunsa pamsonkhanopo: mwa ife tonse owomba m'manjafe, ndani adaonerapo filimu yotere kuchokera poyamba kufikira pomaliza? Tidagamula mlandu tisadamve mbali ya woimbidwa mlanduyo. Paja akulu adati kandimverere adakanena zam'maluwa.

Loweruka lotsatira, lomwe lidali tsiku lamalipiro m'maesiteti a tiyi, ndidavula tayi ndi kukalowa m'kanyumba kaja. Mudali mdima, thukuta ndi fungo la mafuta a jenereta. Pa mabenchi a nsungwi padakhala othyola tiyi, alonda, ogulitsa nthochi, ndiponso ana anga asukulu atatu amene adafuna kulowa pansi atandiona. Filimu ya tsikulo idali Conan the Barbarian. Ndidatuluka m'menemo ndili ndi maganizo amene ndakhala nawo mpaka lero, ndipo ndi amene ndifuna kuwateteza pano. Filimu ya lupanga ndi matsenga, ikakhala yopangidwa bwino, ndi nthano monga zomwe tidakula nazo, ndipo ili ndi phindu kwa munthu wodziwa kuonera. Amene amati mafilimu onse otere atenthedwe ndi olakwa. Olakwanso ndi achinyamata amene amayesa kukoma kwa filimu powerenga mitu yodulidwa. Onsewa sadziwa chimene chimachititsa filimu yotere kukhala yoyenera nthawi ya munthu.

Tiyambe tadziwa chimene tikukambacho. Nkhani za mtundu umenewu zimachitikira m'dziko longopeka, m'nthawi yakalekale mfuti zisadabwere. Mwininkhani amakhala wankhondo wodalira dzanja lake ndi lupanga lake, ndipo mdani wake amakhala munthu wamatsenga kapena chilombo chosadziwika. Amene adatchukitsa nkhani zotere ndi Robert E. Howard, mlembi wa ku Texas m'dziko la America, yemwe nkhani yake yoyamba ya Conan idatuluka m'magazini ya Weird Tales mu 1932. Patapita zaka 50, mu 1982, John Milius adatsogolera ntchito yopanga filimu ya Conan the Barbarian, momwe Arnold Schwarzenegger adasewera ngati Conan. M'zaka zomwezo mudatulukanso Excalibur ndi Clash of the Titans mu 1981, The Beastmaster mu 1982, ndi Red Sonja mu 1985. Kuno kwathu wailesi yakanema ya boma idayamba mu 1999. Isadayambe, munthu wa kumudzi ankaona kanema pokhapokha galimoto ya boma ikabwera kudzaonetsa za ulimi ndi zachitukuko, kapena akalipira timakobidi pakhomo pa kanyumba ka vidiyo. Umu ndi momwe Conan adafikira m'makomboni a tiyi, pa tepi yotopa imene idadutsa m'manja ambiri.

Mlandu woyamba umene mafilimuwa amaimbidwa ndi wakuti ndi abodza. Otsutsa amati palibe munthu angalimbane ndi njoka yaitali ngati mlatho, ndipo mwana woonera zotere amadzaza mutu wake ndi mphepo. Ine ndimawafunsa kuti: kodi agogo athu potiuza za Kalikalanje, mwana uja adadzikazinga yekha m'phale napusitsa fisi amene mayi wake adamulonjeza, ankatinamiza? Kodi za Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi amene ankathawa mvula, zidachitikadi? Palibe mwana ngakhale mmodzi amene adapita kudambo kukaumba mng'ono wake atamva nthanoyi. Chimene chidatsala m'mitima mwathu ndi chisoni cha mayi wosowa mwana, ndi kuzindikira kuti chinthu chimene umachikonda kwambiri chingathe kusungunuka uli kuona. Wokamba nthano akati "Padangokhala," omvera nati "Tili tonse," onse agwirizana kuti atuluka m'dziko lino kwa kanthawi, ndipo adzabwerako nthano ikatha. Bodza ndi mawu onenedwa kuti munthu akhulupirire chimene kulibe. Nthano siibisa kuti ndi yopeka, n'chifukwa chake imatha kunena zoona zimene munthu angaope kuzinena poyera.

Apa ndiye pali muyeso woyamba wa filimu yabwino ya lupanga ndi matsenga: ikhale ndi "padangokhala" wake. Ikutengereni kutali, ku dziko lopanda dzina pa mapu, la zovala zachilendo ndi milungu yachilendo, kuti musasokoneze zimene mukuonazo ndi za pakhomo panu. Filimu ya Conan imayamba ndi mawu a nkhalamba yofotokoza za nthawi imene idapita kalekale, monga momwe gogo amayambira pamoto. Kutalika kwa dzikolo ndiko kumapatsa woonera ufulu woganiza. Mukamaona mfumu ya dziko longopeka ikuzunza anthu ake, mungathe kuweruza nkhanza zake mosaopa ndi mosakondera, popeza si mbale wanu ndiponso si mdani wa fuko lanu. Mukatuluka panja, muyeso umene mwaweruzira mfumu yopekayo mumatuluka nawo, ndipo tsiku lina mudzaugwiritsa ntchito pa mfumu yeniyeni.

Mlandu wachiwiri ndiwo waukulu, ndipo ndi umene bambo wandodo uja adaimirira nawo: akuti mafilimuwa amaphunzitsa ufiti. Tiyeni tione kuti wamatsenga wa m'filimu ya Conan ndi munthu wotani. Dzina lake ndi Thulsa Doom, ndipo adaseweredwa ndi James Earl Jones, munthu wa liwu lakuya ngati ng'oma. Ndi mtsogoleri wa chipembedzo cha njoka, wokhala m'kachisi wa paphiri, wozunguliridwa ndi asilikali, chuma ndi zikwi za anyamata ndi atsikana amene adasiya makolo awo namutsata iye, akumutcha atate. N'zoona kuti pena amasanduka njoka, ndipo pena amaongola njoka kukhala muvi. Koma chinthu choopsa koposa chimene amachita m'filimu yonse chilibe mankhwala alionse. Pofuna kuonetsa Conan kuti mphamvu yeniyeni ili pati, iye amayang'ana mtsikana wina amene waima pamwamba pa thanthwe, namukodola mwachikondi, ndipo mtsikanayo amadziponya pansi n'kufa. M'kanyumba kaja, mmene anthu ankakuwa ndi kuimba mluzu pa ndewu iliyonse, panthawi imeneyi mudangoti zii.

Kodi pamenepa mwana waphunzira ufiti? Ine ndikuti waphunzira kuopa munthu wa pakamwa pokoma amene afuna kuti umupatse nzeru zako zonse. Filimuyi idatuluka pasadathe zaka zinayi chichitikire zoopsa za ku Jonestown m'dziko la Guyana, kumene mu Novembala 1978 anthu oposa 900 otsatira Jim Jones adafa tsiku limodzi, ambiri a iwo atamwa chiphe molamulidwa ndi mtsogoleri wawoyo. Mu Malichi 2000 anthu mazanamazana a kagulu kena kachipembedzo adafera ku Kanungu m'dziko la Uganda. Mu 2023 mitembo yoposa 400 idafukulidwa m'nkhalango ya Shakahola ku Kenya, ya anthu amene adauzidwa kuti asale kudya mpaka imfa. Ambiri a iwo adakodoledwa ndi atsogoleri awo, ndipo adalumpha. Mnyamata amene adaona Thulsa Doom namumvetsa ali ndi katemera amene ambiri a ife, ophunzira ndi osaphunzira omwe, tilibe.

Muyeso wachiwiri tsono ndi uwu: funsani kuti filimuyo ikuloza chala kwa yani. M'nkhani yabwino ya lupanga ndi matsenga, wamatsenga amakhala wamphamvu, wolemera, wokhala pampando, ndipo wolimbana naye amachokera pansi. Koma ulipo mtundu wina wa mafilimu umene udadzaza m'misika yathu kuyambira cha m'ma 2000, umene makolo ambiri amauonera pamodzi ndi ana awo mosadandaula, chifukwa kumapeto kwake kumakhala pemphero. M'mafilimu amenewa nkhani imachitikira m'mudzi wofanana ndi wathu, m'nyumba zofanana ndi zathu, m'nthawi yathu ino. Mfiti imakhala apongozi okalamba, mayi wamasiye wa maso ofiira ndi utsi, kapena mwana wamasiye wosalankhulalankhula. Mulibemo "padangokhala" aliyense, ndipo woonera amatuluka akukhulupirira kuti waonetsedwa chinsinsi cha mnansi wake. Ku Nigeria, filimu ya End of the Wicked ya 1999, yoonetsa ana akudya nyama ya anthu usiku, idadzudzulidwa kwambiri ndi anthu oteteza ana, amene adati idakolezera mchitidwe wonena ana kuti ndi mfiti.

Nkhani imeneyi si yakutali ndi ife. Mu Januwale 2016, ku Neno, anthu anayi okalamba adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mphenzi itapha mtsikana wina. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera ya anamapopa idabuka ku Mulanje nifalikira ku Phalombe, kuno ku Thyolo, mpaka ku Blantyre, ndipo anthu angapo osalakwa adaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Zonsezi zidachitika m'dziko limene lamulo la 1911 lidaletsa kale kunena munthu kuti ndi mfiti. Sindikunena kuti filimu ndiyo idanyamula zibonga ndi miyala; mantha amenewa ndi akale kuposa vidiyo. Chimene ndikunena n'chakuti moto ukamayaka, pali kusiyana pakati pa wobweretsa madzi ndi wobweretsa nkhuni. Filimu imene iphunzitsa maso anu kuyang'ana gogo wa kuseri kwa nyumba mokayikira yabweretsa nkhuni. Chodabwitsa n'chakuti ife makolo tidathamangitsa Conan, amene mfiti yake ili paphiri la dziko lopeka, n'kulandira m'chipinda chochezera filimu imene mfiti yake ndi mayi wotibereka. Tidaiwala kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo tidalola kuti dambolo litenthedwe.

Mlandu wachitatu ndi wa chiwawa, ndipo pamenepa otsutsa ali ndi mfundo imene sindingaikane. Magazi alimo, ndipo ena mwa mafilimuwa alibe china chilichonse koma magaziwo. Kutchuka kwa Conan kudabala mafilimu ambiri otsanzira, opangidwa mothamanga ndi amalonda ofuna phindu la msanga, momwe chimphona chimangodula anthu kuyambira poyamba mpaka pomaliza osatuluka ndi thukuta lomwe. Filimu yotere ndi chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Koma nkhondo payokha siichititsa nkhani kukhala yoipa. Mbiri ya Angoni ili ndi nkhondo, mbiri ya John Chilembwe ya 1915 ili ndi nkhondo, ndipo m'Baibulo momwe Davide adadula mutu wa Goliati. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti: kodi magaziwo ali ndi mtengo? Kodi wopambanayo walipira chiyani?

Umenewu ndiwo muyeso wachitatu. Conan akuyamba ali kamwana, akuona mudzi wake ukutenthedwa, atate wake akuphedwa, ndi amayi wake akudulidwa mutu atamugwira dzanja. Akumangidwa unyolo napita naye ku chimphero chachikulu chokankha ndi manja, kumene akuzungulira chaka ndi chaka, anzake akutha mmodzimmodzi, mpaka watsala yekha. Minofu imene achinyamata amaisirira ija idachokera mu ukapolo. Ndikukumbuka kuti pamene kamnyamatako kankakankha mtengo wa mpherowo, dzuwa ndi mvula zikusinthana pamsana pake, bambo wina wothyola tiyi amene adakhala pambali panga adapumira m'mwamba nati, "Ameneyu ndi mnzathu." Bamboyo sankadziwa Chingerezi. Koma adali mdzukulu wa anthu a thangata, amene ankagwira ntchito m'minda ya azungu kuti aloledwe kukhala pa malo, mchitidwe umene udathetsedwa mu 1962. Iye adazindikira goli ataliona, ngakhale lidali pakhosi pa munthu wa khungu lina.

Ndipo kubwezera kwa Conan sikumubwezera kanthu. Apachikidwa pamtengo, natsala pang'ono kufa. Valeria, mkazi wankhondo amene amukonda, alonjeza kuti adzalipira yekha mtengo wa moyo wa mwamunayo, ndipo aulipiradi pophedwa ndi muvi wa njoka. Lupanga la atate wake, limene adani adalanda tsiku lija, lithyoka pankhondo, ndipo ndi chibenthu chake chimene Conan adulira mutu wa Thulsa Doom. Otsatira aja akuzima miuni yawo nabalalika, ndipo iye akukhala yekha pa makwerero a kachisi, wopanda mayi, wopanda bambo, wopanda mkazi. Mwana woonera mwatcheru aona kuti lupanga lingathe kuchotsa woipa koma silingadzutse wakufa. M'filimu ya Excalibur, yomwe John Boorman adapanga kuchokera ku nthano za Mfumu Arthur ya ku Britain, phunziro lake likupita patsogolo. Mfumu ikalakwa nidwala, dziko lonse lidwala nayo, mbewu zifota, anthu asauka, ndipo lupanga lodabwitsalo silithandiza kanthu kufikira mfumuyo itachira mumtima. Makolo athu akadaimvetsa filimu imeneyi popanda womasulira, pakuti iwonso chilala chikagwa ankayamba afunsa ngati pabwalo la mfumu zinthu zili bwino.

Muyeso wachinayi ndi luso la manja. Munthu amasirira mtondo wosemedwa bwino ngakhale alibe chimanga chosinja, ndipo filimu nayonso ndi ntchito ya amisiri. Mu Jason and the Argonauts ya 1963 muli nkhondo ya amuna atatu ndi mafupa a anthu asanu ndi awiri otuluka m'nthaka atanyamula malupanga. Nthawi imeneyo kudalibe kompyuta yojambulira zotere. Mmisiri wina, Ray Harryhausen, adapanga tizidole ta mafupa, ndipo ankasuntha dzanja, mwendo ndi mutu wa kachidole kalikonse pang'ono, n'kujambula chithunzi chimodzi, n'kusunthanso, n'kujambulanso. Kanema amafuna zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, choncho nkhondo ya mphindi zowerengeka idamutengera miyezi yoposa inayi. Ndimauza achinyamata nkhani imeneyi akamadandaula kuti chimangirizo cha masamba awiri chawatopetsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu Conan namonso, nyimbo zimene Basil Poledouris adapeka ndizo zimanyamula nkhani m'chigawo choyamba, mmene anthu salankhula kwenikweni. N'chifukwa chake othyola tiyi aja adaitsata bwinobwino. Masiku ano anyamata aluso amamasulira mafilimu m'Chichewa, ndipo ntchito yawo ndi yothandiza, koma njira yoyesera filimu ya mtundu uwu ikadali yomweyo: mutatseka mawu onse a olankhula, kodi mungadziwebe amene ali ndi mantha, amene akunama, ndi amene wataya mtima? Ngati simungadziwe, opanga filimuyo adalephera ntchito yawo.

Kuti ndisakhale ngati mboni yogulidwa, ndinene zimene zimandinyansa m'mafilimu amenewa, ngakhale abwino omwe. Choyamba, akazi ambiri amaonetsedwa ngati katundu wolanda kunkhondo, ovala zosabisa thupi popanda chifukwa chilichonse cha m'nkhani. Valeria ndi wolimba mtima ndi wanzeru, koma akazi ena ambiri m'filimu yomweyo ali ngati maluwa a patebulo. Chachiwiri, Howard adali mwana wa nthawi yake ndi dera lake, ndipo m'zolemba zake muli kunyoza anthu akuda. Si chinthu choti tichilambalale kuti m'filimu ya 1982 mpulumutsi ndi mzungu pamene wamatsenga woipayo akuseweredwa ndi munthu wakuda. Woonera wa ku Africa ayenera kuona zimenezi ndi kuzitchula dzina. Chachitatu, filimu imeneyi siidapangidwire ana aang'ono, ndipo mwini kanyumba kaja adalakwa polowetsa aliyense wokhala ndi kobidi. Pomaliza, bambo wandodo uja sadaname ponena kuti anyamata ankajomba. Filimu yabwino yooneredwa nthawi ya masamu ndi kuba, ndipo wobedwayo ndi woonera yemweyo.

Komabe zolakwa zonsezi mankhwala ake si chiletso. Dziko lino lidayesapo njira imeneyo. Pansi pa lamulo la 1968 loona za mabuku ndi zisangalalo, m'nthawi ya chipani chimodzi, mabuku ambiri adaletsedwa ndipo mafilimu ankadulidwa ndi lumo asadaonetsedwe. Kodi tidatuluka m'zaka zimenezo tili anthu odziwa kusiyanitsa chabwino ndi choipa patokha? Tidatuluka tili anthu ozolowera kusankhiridwa, ndipo zitseko zitatseguka tidameza chilichonse chimene chidalowa. Lero kanema ali m'thumba mwa mwana aliyense amene ali ndi foni, ndipo palibe mfumu, mbusa kapena mphunzitsi amene angaime pakhomo la thumba limenelo ndi ndodo. Mlonda amene watsala ndi mmodzi yekha, ndiye nzeru za woonera mwini. Ngati sukulu imaphunzitsa mwana kusanthula ndakatulo, kupeza mutu wa nkhani, ndi kuweruza khalidwe la ampangankhani m'buku, n'chifukwa chiyani imamusiya yekha pa chinthu chimene amathera nacho maola ambiri kuposa buku lililonse?

Pali chinthu china chimene chimandiwawa kuposa zonsezi. Ife amene timanyoza nthano za eni, zathu tazichita chiyani? Mu 1987 Souleymane Cissé wa ku Mali adatulutsa filimu ya Yeelen, ya m'chiyankhulo cha Chibambara. Ndi nkhani ya mnyamata wothawa atate wake, wamatsenga wamkulu amene akumusaka ndi munsi wamankhwala chifukwa safuna kuti nzeru zachinsinsi zituluke m'manja mwa akulu ochepa. Pomaliza awiriwo akumana, ndipo kuwala koopsa kuwatha onse, n'kutsala kamwana kodzayamba moyo watsopano. Filimuyi idalandira mphotho ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes m'dziko la France chaka chomwecho. Ili ndi miyeso yonse inayi: ichitikira kalekale, wamatsenga wake ndi wamphamvu wokakamira udindo, kupambana kwake kuli ndi mtengo, ndipo idajambulidwa mwaluso. Cissé sadabwereke chimphona cha ku America. Adatenga za makolo ake naziika pa kanema mosachita manyazi.

Nanga ife tilibe zotere? Munthu akaima kumapiri a kwa Nsabwe nayang'ana kumunsi, amaona chigwa cha Shire, ndipo kumwera kwa chigwacho, ku Nsanje, kuli nkhalango ya Khulubvi kumene kuli kachisi wa Mbona. Mbiri yake imakambidwa mosiyanasiyana, koma mutu wake ndi wodziwika. Mnyamata adavina mvula nigwa pamene akulu adalephera. Nsanje idabuka, iye adathawira kumwera, adani ake akumulondola. Atamupeza, zida zawo zachitsulo zidalephera kumulasa, kufikira iye mwini adawaululira kanthu kofewa ka kuthengo kamene kakadamupha. Magazi ake adayenda ngati mtsinje, ndipo amene adamupha ndi amene adayamba kumuopa ndi kumulemekeza. Ndiuzeni ngati ku Hollywood adapekako nkhani yoposa imeneyi: chitsulo chogonja, wamphamvu wosankha yekha kufa, ndi opambana osanduka ogonja. Steve Chimombo adaiika pa bwalo la zisudzo m'sewero lake la The Rainmaker, ndipo adalembanso ndakatulo za Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene anthu adachitchula pamene madzi ndi miyala zidasesa Phalombe mu Malichi 1991. Shemu Joyah, ndi mafilimu monga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, adaonetsa kuti Mmalawi angathe kupanga filimu yolemekezeka kunja. Nkhani tili nazo, amisiri tili nawo. Chimene chimatigwira miyendo ndi mantha omwe aja a pamsonkhano wa makolo, oganiza kuti kukamba nthano ya matsenga ndi kuchita matsenga.

Kwa inu ophunzira, pempho langa ndi lakuti muzionera ngati anthu amene adapita kusukulu. Filimu ya lupanga ndi matsenga ikatha, musafunsane kuti adafa angati. Funsanani ngati idakutengerani kutali mokwanira kuti muganize momasuka. Funsanani kuti chala chake chidaloza wamphamvu kapena wofooka. Funsanani chimene wopambana adataya, ndiponso ngati amisiri ake adakhetsa thukuta kapena adangofuna makobidi anu. Ikalephera mafunso amenewa, musaionerenso, ngakhale anzanu onse aitame. Ikakhoza, kambiranani za iyo monga mukambirana za buku, ndipo mukapita kumudzi patchuthi, kaifotokozereni agogo anu, muwapemphe kuti nawonso akuuzeni yawo. Mudzadabwa kuona kuti chimphona, chilombo, mwana wamasiye ndi mfumu yankhanza adazidziwa kale inu musadabadwe.

Bambo wandodo uja adamwalira zaka zapitazo, ndipo ndidakhala nawo pa maliro ake. Adali munthu wabwino, wofunira ana zabwino, ndipo mantha ake adali a kholo. Ndimadziimba mlandu kuti sindidapite kukamuuza zimene ndidaona m'kanyumba kaja, poopa kuti anthu angati mphunzitsi wayamba kuonera za ana. Anyamata atatu aja ndidawapatsa chilango cha kujomba Lolemba lake, monga kudali koyenera. Chilangocho chitatha ndidawauza kuti aliyense alembe tsamba limodzi poyankha funso lakuti: n'chifukwa chiyani mtsikana uja adalumpha pathanthwe? Mmodzi wa iwo, amene chaka chonse adali asadalembepo ndime yomveka, adabwera ndi masamba atatu.